Buku la sevisi lodzaza zidindo, injini yosowa oyilo: lipoti la pikapu ya mpunga wa ku Karonga

Galimotoyi inafika pa garaja yanga ku Luwinga mu Mzuzu Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Juni, nkhungu isanachoke. Inabwera yokokedwa kuchokera ku Ekwendeni. Sikuti inali itathima yokha ayi. Mnyamata amene amaiyendetsa anaona nyali yofiira ya oyilo itayaka osazimanso, anachita mantha, n'kuimika pambali pa msewu. Mantha akewo ndi amene anapulumutsa injini.

Lipotili ndalemba mwini galimoto atavomera. Dzina lawo sinditchula, la garaja imene inkachita sevisi sinditchula, ngakhalenso mtundu wa galimoto, chifukwa kuno kwathu ukatchula mtundu waloza kale chala. Umakaniki ndinaphunzira pa Mzuzu Technical College, ndipo ndisanatsegule panga ndinagwirapo ntchito zaka zingapo kwa dila wina wa galimoto. Mbali zonse ziwiri ndikuzidziwa.

Galimoto ndi madandaulo ake

Ndi pikapu ya dizilo, dabokabu, injini ya malita 2.5 yokhala ndi tebo (chopopera mpweya mu injini), ya common rail, kutanthauza kuti dizilo amapopedwa mwamphamvu kwambiri mu paipi imodzi yogawira masilinda onse. Inali itayenda makilomita 187,000. Mwini wake ndi mayi wa bizinesi ya mpunga wa Kilombero. Amakagula ku Karonga, wina amagulitsa mu msika waukulu wa Mzuzu, wina amatumiza ku Lilongwe. Nyengo yokolola galimotoyi imayenda ulendo wa makilomita oposa 200 kupita kokha, kawiri pa sabata, ndipo popita siitsika Chiweta yopanda kanthu. Imanyamula simenti ndi katundu wa m'magolosale, pobwerera n'kukwera phiri lomwelo ili ndi matumba a mpunga. Anaigula ku bungwe lina lomwe linkaichititsa sevisi kwa dila, iwonso anangopitiriza komweko pokhulupirira kuti eni ake a galimoto ndiwo amaidziwa bwino.

Madandaulo anali atatu. M'mawa kukazizira injini inkagogoda kwa kanthawi ikangolizidwa, ndi kutulutsa utsi wotuwa. Kachiwiri, akakwera Chiweta n'kuima injini ikulira payokha, nyali ya oyilo inkathwanima. Dandaulo lachitatu ananena ndi dalaivala, yemwe ndi mphwawo wa mayiwo: potsika mtsetse wautali buleki inkayamba kufewa, phazi n'kumalowa pansi.

Zonsezi anali atazinena kwa dila. Ulendo woyamba anauzidwa kuti kugogodako n'chifukwa cha dizilo wa masiku ano. Ulendo wachiwiri anawasinthira kasiwichi ka nyali ya oyilo, n'kuwauza kuti vuto linali sensa. Lisiti la ulendo umenewu, la masabata asanu m'mbuyomo, linasonyeza kuti analipira oyilo, fyuluta ya oyilo, fyuluta ya dizilo, kasiwichiko, ndi kuyendera mabuleki.

Anandipatsa buku la sevisi ali ndi nkhope yakugwa. "Bambo, ine chilichonse chimene andiuza ndimalipira. Taonani, palibe tsamba lopanda chidindo."

"Amama, bukuli ndaliona," ndinatero. "Tsopano tiifunse galimoto. Musachoke, khalani apa muzionera."

Zimene tinapeza

Ndinayamba ndi kusolola ndodo yoyezera oyilo. Oyilo anali wodzaza bwinobwino, ndipo zimenezi sizinandisangalatse. Nyali ikayaka oyilo atachepa, umathira wina n'kufufuza pomwe akutayikira. Ikayaka oyilo ali wodzaza, ndiye kuti oyiloyo alipo koma sakufika kumene akufunika.

Nyali ya pa dashibodi siyeza kanthu, imangoyaka puresha ikatsika kupyola malire. Choncho ndinamasula kasiwichi katsopanoko n'kumangapo geji ya manja. Ntchito imeneyi siifika mphindi khumi. Injini itatentha, ikulira payokha, geji inaima pa 0.2 bar (bar ndi muyeso wa puresha), pomwe buku la injiniyi limafuna zosachepera 0.3. Nditaponda moto kwa masekondi ochepa kufika pa maulendo 3,000 ozungulira pa mphindi, muvi unakwera kufika pa 1.6, kenaka n'kuyamba kubwerera pansi injini ikadali pamoto womwewo. Pamenepo pamafunika pafupifupi 2.5. Ndinazimitsa nthawi yomweyo. Pampu yotha imapereka puresha yochepa koma yokhazikika. Muvi wokwera n'kugwa umasonyeza pampu yomwe ikuyamwa koma pakamwa pake patsekeka. Kasiwichi kakale kaja kanalibe mlandu, kankanena zoona.

Titakhetsa oyilo ndinawalitsa tochi pa bowo la sampu, beseni la pansi pa injini momwe oyilo amakhala. Pa injini imeneyi sefa yomwe pampu imayamwira oyilo imaonekera pa bowolo. Mawaya a sefa sankaoneka, panali chinthu chakuda bii ngati phula wouma. Ndinawaitana mayiwo kuti agwade aone okha. Titatsitsa sampu tinapeza sefa yonse itamatidwa ndi tizidutswa tolimba ngati makala osinja, patangotsala kampata kosakwana chikhadabo cha chala chachikulu. Malita pafupifupi 7 a oyilo ankayenera kudutsa pamenepo.

Makala otere sachokera ku oyilo wakale chabe. Amakhala ndi gwero lake, ndipo tinalipeza titavundukula chivundikiro cha pamwamba pa injini. Ma-injekita a injiniyi, tizitsulo topopera dizilo mu masilinda, amakhala pansi pa chivundikirocho, m'malo momwe oyilo amayenda. Kunsonga kwa injekita iliyonse kuli washala ya mkuwa yomwe imatseka kuti moto wa mu silinda usakwere. Washala ikatopa, mpweya wamoto umathawira m'mbali mwa injekita n'kukakumana ndi oyilo, n'kumuwotcha mpaka asanduke makala. Makalawo amagumuka pang'onopang'ono, oyilo amawakokolola kutsikira nawo mu sampu, sefa n'kumawatola. Usiku injini ikazima, oyilo amatsikira mu silinda kudzera pampata womwewo, n'chifukwa chake m'mawa kumatuluka utsi. Injekita yachitatu inali itakwiririka m'makala moti tinaizula movutikira. Yachiwiri inali itayamba kumene.

Amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma injini iyi inayimba kwa miyezi. Kugogoda kwa m'mawa, utsi, nyali yothwanima, zonse zinkanena chinthu chimodzi.

Kenaka fyuluta ya oyilo, yomwe lisiti linkati ndi ya masabata asanu. Inali ndi matope ofiira oumira pansi pake, ndi dzimbiri pamsoko. Ndinaidula ndi sowo pamaso pawo. Pepala la mkati linali louma gwaa, lopindika, lophwanyika ukalikhudza. Fyuluta ikatsekeka chotere, kavalavu ka mkati mwake kamatseguka kuti oyilo adutse osasefedwa, poti oyilo wakuda aposa kusowa oyilo. Fyuluta ya masabata asanu siioneka choncho ngakhale mu injini yodwala ngati imeneyi. Dzimbiri la kunja silichokera mkati mwa injini.

Pa fyuluta ya dizilo, titamasula kapopi ka pansi, munatuluka madzi pafupifupi theka la kapu, ofiirira. Apa mayiwo anavomera okha kuti pa nthawi ya mizere ya mafuta ankagula dizilo wa m'zigubu kuti ulendo usaime. Sindinawadzudzule, tonse tinadutsamo. Koma common rail imapopa dizilo pa puresha yoposa 1,000 bar, ndipo pampu ndi ma-injekita zimadalira dizilo yemweyo kuti zisakhulane. Madzi akangodutsa, zitsulo zodula kwambiri pa injini zimatha. Kukhetsa madziwa ndi gawo la sevisi iliyonse, ndipo fyuluta yomwe inasinthidwadi bwenzi itakhetsedwa tsiku lomwelo.

Mabuleki ndi amene anandiwawa mtima kuposa zonse. Injini ikafa munthu amalira ndalama, koma buleki ikakana pa Chiweta kapena pa mtsetse wa ku Nkhata Bay timanyamula maliro. Mafuta a buleki anali akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo chinyezi ku Mzuzu sitisowa. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira mpaka madigiri 230, koma akamwa madzi osafika ngakhale magawo 4 pa 100 amatha kuwira pa 155. Potsika phiri ndi katundu mabuleki amatentha, madziwo amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Ndiko kufewa kumene dalaivala ankanena. N'chifukwa chake mafutawa amasinthidwa pakatha zaka ziwiri. Kumbuyo, titachotsa madiramu, tinapeza tizitsulo tosendeza nsapato za buleki titagwidwa ndi dzimbiri, nsapato zili kutali ndi diramu. Galimoto yonse ndi simenti yake inkaimitsidwa ndi matayala akutsogolo okha. Madiramuwo anali atamatirira moti tinachita kuwamenya ndi hamala. Sanatsegulidwe posachedwa.

Chimodzi ndiyenera kuwayamikira. Lamba wa taiming'i, yemwe pa injiniyi amasinthidwa pa makilomita 150,000, anali atasinthidwadi, ndipo anali orijino.

Ntchito imene tinagwira

Tinazula ma-injekita onse anayi, iliyonse n'kuilemba nambala kuti ibwerere mu silinda yake, chifukwa kompyuta ya galimoto imasunga nambala za injekita iliyonse payokha. Tinapala mipando yake, tinaika mawashala atsopano, maraba atsopano ndi mapaipi atsopano a dizilo, n'kumanga ndi sipanala yoyeza mphamvu monga buku likunenera. Kumanga mongoyerekeza ndi dzanja ndi njira imodzi imene washala yatsopano imayambira kutaya. Tinayeza mavalavu. Sefa tinagula ina. Popeza sampu inali kale pansi, tinamasula mabering'i a kirankishafuti kuti tione ngati njala ya oyilo inawafika. Awiri anali atayamba kukalika, koma shafuti yeniyeniyo inali yosalala ndipo muyeso wake unali m'malire, choncho tinangosintha mabering'i. Mafyuluta onse atsopano, oyilo watsopano, thanki ya dizilo tinaitsuka, mafuta a buleki tinakhetsa onse, kumbuyo tinamasula n'kusendeza. Zinatenga masiku anayi, awiri mwa iwo tikudikira mapaipi kuchokera ku Lilongwe. Ndalama zonse sizinafike theka la mtengo wa injini yakale yoitanitsa kudzera ku Dar es Salaam. Chitsulo chilichonse chimene tinachotsa tinawaikira m'katoni.

Cholakwa chili pati

Mayiwo ankafuna kuti ndinene kuti dila anawaphera injini. Ndinakana. Washala ya mkuwa imatha yokha, ndipo dizilo wa m'chigubu anagula okha. Koma zinthu zitatu sindingazibise. Analipiritsidwa fyuluta yomwe sinaikidwe. Analipiritsidwa kuyendera mabuleki omwe sanatsegulidwe. Ndipo chachikulu, atadandaula za nyali ya oyilo, palibe amene anamangapo geji. Kusintha kasiwichi usanayeze puresha n'chimodzimodzi kuthamangitsa mlonda chifukwa wakuwa kuti kwabwera akuba. Komanso buku la injiniyi limafuna kuti mavalavu aziyezedwa pa makilomita 40,000 aliwonse, ndipo amene akanavundukula chivundikiro chija akanawaona makalawo ndi maso.

Zimachitika bwanji pamalo pomwe pali zida zonse, kompyuta yoyezera ndi amakaniki ophunzira bwino? Ambiri mwa iwo ndi anzanga, ena tinaphunzira limodzi, ndipo ntchito amaidziwa. Zimene ndinaona ndili kumeneko n'zakuti kasitomala salankhula ndi munthu amene agwire galimoto yake. Amalankhula ndi wa pa kauntala, yemwe amafupikitsa madandaulo a mphindi khumi kukhala mzere umodzi pa jobu khadi. Zoti nyali imathwanima pokhapokha injini ikatentha pambuyo pa chikweza zimathera pa kauntala pomwepo, kwa makaniki kumangofika mawu akuti nyali ya oyilo. Makaniki amapatsidwa nthawi yoikika pa ntchito iliyonse, ndipo kufufuza sikuwerengedwa bwino ngati kusintha chitsulo. Sevisi wamba amasiyira ophunzira ntchito, woyang'anira ali ndi galimoto zina zisanu. Lisiti limasindikizidwa kuchokera pa mndandanda wa zimene zimayenera kuchitika, osati zimene zachitika. Kusowa kwa ndalama zakunja kunawonjezera vuto, chifukwa kusitolo kumatha kusowa fyuluta koma khadi n'kutsekedwa ndithu. Ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, fyuluta ya orijino inasanduka chinthu chamtengo choti munthu wa mtima wofooka angathe kuilowetsa m'chikwama. Chimene chinachitika pa galimoto iyi mwa zonsezi sindingaloze, koma galimoto inatuluka yotsukidwa bwino, matayala akuwala, mayiwo n'kukhutira.

Ife a m'magaraja ang'onoang'ono tisadzione oyera. Ndalandirapo ma Sienta a matakisi atathiridwa oyilo wa m'diramu wosadziwika kochokera, mafyuluta a feki opanda kavalavu mkati, ndi galimoto zomwe makaniki anasinthitsa zitsulo zinayi mongoyesera, mwini wake akulipira chilichonse. Kulinso ena amene amachotsa chitsulo chabwino pa galimoto ya kasitomala n'kuikapo chotha. Munthu wothawa kwa dila akhoza kugwera m'dzenje lozama kuposa limene wachokamo.

Tsiku lotenga galimoto mayiwo anandifunsa funso lomwe ndimalimva kawirikawiri. "Nanga ikandivutira ku Karonga kapena ku Lilongwe, inu kulibe, wokhulupirika ndimudziwa bwanji?"

Ndinawauza kuti asayambe ndi chikwangwani. Afunse madalaivala a pa depoti ndi a m'mabungwe, anthu amene galimoto ikagona nawonso amagona ndi njala, ndipo afunse makamaka za mtundu wa injini yawo, chifukwa katswiri wa ma minibasi a petulo akhoza kuwononga common rail ali ndi mtima wabwino. Satifiketi ya TEVETA kapena ya trade test ndi chiyambi chabwino, koma ayang'anenso zida. Ngati pamalopo palibe geji, palibe sipanala yoyeza mphamvu, palibe mita ya magetsi, ndiye kuti ntchito imayendera kulota. Amuyese ndi ntchito yaing'ono kaye. Ndipo amvetsere yankho lake loyamba. Amene amatchula chitsulo chogula asanatsegule boneti ndi woopsa. Wabwino amafunsa kuti vutolo limabwera nthawi yanji, injini itazizira kapena itatentha, pokwera kapena potsika, kenaka amati ndiyeze kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma chimene ndinatsindika n'chakuti asadalire nkhope ya munthu, ngakhale yanga. Asanapite ku sevisi kulikonse, adontheze kapenti ka zikhadabo pa fyuluta ya oyilo ndi ya dizilo, pobwera akayang'ane ngati kadontho kachoka. Anene poyambirira kuti zitsulo zakale azifuna, ndipo zilembedwe pa khadi. Botolo la oyilo litsegulidwe iwo akuona. Mtengo ulembedwe papepala ntchito isanayambe, ndipo pakapezeka china awaimbire asanagule. Apemphe kulankhula ndi makaniki weniweniyo, osati wa pa kauntala yekha. Munthu wogwira ntchito yake moona sakwiya ndi zimenezi, amasangalala kuti wina akuona. Amene galimoto yake ikadali pa waranti asachoke kwa dila, angataye waranti, koma zonsezi akhoza kuchita komweko. Ndipo popeza galimoto yawo imanyamula katundu wolemera m'mapiri ndi m'fumbi, oyilo azisinthidwa pa makilomita 5,000, osadikira 10,000.

Zotsatira

Anabwerera kwa dila ndi fyuluta yodulidwayo m'jumbo, lisiti, ndi zithunzi za sefa zomwe anajambula pa foni. Bwana wa kumeneko anawalandira bwino, anawabwezera ndalama za mafyuluta, za kasiwichi ndi za kuyendera mabuleki, koma za kukonza injini anakana. Ndinawauza kuti ngati sakukhutira akhoza kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma lomwe limamva madandaulo a ogula, ndipo ine ndili wokonzeka kulemba zimene ndinapeza. Anati aganizira mpunga ukatha. Katoni ya zitsulo akuisungabe.

Galimoto inabweranso itayenda makilomita 1,000 monga tinapanganira, kuti tikhetse oyilo woyamba yemwe anatsuka zotsalira. Ndinawalitsanso tochi pa bowo, mawaya a sefa ankaoneka onse. Geji inasonyeza 0.9 bar injini itatentha ikulira payokha, ndi 3.4 pa 3,000, muvi osagwedezeka. Kugogoda ndi utsi wa m'mawa zatha. Dalaivala akuti buleki ikugwira pamwamba mpaka pansi pa Chiweta, ngakhale ndinamukumbutsabe kuti azitsika ndi giya yaing'ono.

Chotsala ndi tebo. Nayo imadya oyilo yemweyo, ndipo inakhala miyezi ikulandira wochepa. Shafuti yake ikusewera pang'ono, sinafike pokhula m'mbali, ndipo mu paipi ya mpweya muli kachinyezi ka oyilo. Sindinaisinthe chifukwa sinafike posintha. Ndalemba muyeso wake m'buku lawo, pansi pa zidindo zija, ndipo tidzayezanso pa makilomita 193,000. Pochoka tsiku limenelo mayiwo anatulutsa kabotolo ka penti yofiira m'chikwama, anapempha mnyamata wanga kuti awakwezere boneti, n'kudontheza pa fyuluta yomwe ndinali nditangoika.